SEWELO LA MAKHADI LIMENE SILIDZIWA KUTHA

Tsiku lina Lamulungu, mapemphelo atangotha, mai wina wacikulile wa mu mphakati wathu anatiimika pa khomo la chalichi, atakulunga foni m'nsonga ya citenje monga munthu wonyamula khala la moto. Foniyo inali ya mwana wao wamkazi, namwino, mai wa ana atatu, amene anawapatsa akuseka nati, "Pitani nayo mukaonetse aphunzitsi anuwo." Koma maiwo sanali kuseka.

"Aphunzitsi," anatelo motsitsa mau, "taonani zimene zalowa m'nyumba mwathu. Mwana uja akangoweluka ku nchito, maso ali apa mpaka pakati pa usiku. Muli makhadi a njuga, muli nkhalamba ya ndevu zoyela yogwila ndodo yowala, mulinso tianthu ta mapiko. Kodi umenewu si ufiti?"

"Amai," tinayankha, "tipatseni masiku, tiyambe taona."

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo si bwino kuweluza mlandu umene sunaumve. Cotelo tinapempha mwana wathu kuti atiikile sewelo la mtundu womwewo pa foni yathu, ndipo tinalisewela kwa masabata awili. Tiulule pano poyela kuti pa usiku wacitatu tinadzidzimuka kumva tambala woyamba akulila, ife tikali kudziuza kuti, "Kamodzi kokha aka, kenaka tigone." M'mawa mwake tinapita kukaphunzitsa ana maso ali psuu. Pamenepo tinazindikila kuti nkhawa ya mai uja inali ndi maziko, ngakhale kuti cala cao cinaloza pa malo ena. Popeza mafoni otele alowa m'nyumba zambili, ndipo makolo ambili ali ndi funso lomweli, taganiza kuti yankho lathu tiliike pano kuti tonse tilingalile pamodzi.

KUMENE MAKHADI ANACOKELA

Makhadi osewela ndi akale kuposa mmene ambili timaganizila. Olemba mbili amanena kuti anayambila ku China, nadzela ku Egypt, mpaka anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1370. Mmodzi mwa anthu oyamba kufotokoza za makhadi ku Ulaya anali m'bale wa cipani ca Dominiko Woyela, John wa ku Rheinfelden, amene analemba za iwo m'caka ca 1377. Zizindikilo zimene tiona pa makhadi a masiku ano zinakhazikika ku France ca m'ma 1480. Paketi yathunthu ili ndi makhadi 52, ogawidwa m'mitundu inai ya makhadi 13, iwili yofiila ndi iwili yakuda.

Kwa zaka mazana angapo makhadi anali a pa gulu, monga nsolo imene ifuna anthu awili ndi oonelela. Kusewela makhadi munthu ali yekha kunayamba kuoneka m'mabuku kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ku Germany ndi ku maiko a kumpoto kwa Ulaya. Angelezi anakucha patience, ndiko kunena kudekha, pamene a ku America anakucha solitaire, kutanthauza ca munthu mmodzi. Ca m'ma 1870 mai wina wa ku England, Lady Adelaide Cadogan, anasonkhanitsa malamulo a masewela otele m'buku limene linafala kwambili.

Mtundu wodziwika koposa ndi Klondike, dzina la dela la ku Canada kumene anthu anathamangila golide atapezeka m'caka ca 1896. Wosewela amayala makhadi 28 m'mizele isanu ndi iwili, otsala 24 nawasunga pa mulu. Amasanja khadi lofiila pa lakuda ndi lakuda pa lofiila, manambala akutsika, ndipo colinga cake ndi kusamutsila makhadi onse pa milu inai, mtundu uliwonse pa wokha, kuyambila pa A kufikila pa K. Cimene tifuna kuti muonetsetse apa ndi ici: sewelo la pa tebulo linali ndi pothela. Makhadi akakana, kapena akatha, munthu anayenela kuwasonkhanitsa, kuwasakaniza ndi kuwayalanso limodzilimodzi, ndipo m'kamphindi kameneko khutu linali kumva kuti mwana akulila kapena kuti nsima yapsa. Kamphindi ka kuyalanso ndiko kanali khomo lotulukila.

MAKHADI ALOWA M'KOMPYUTA

M'caka ca 1988 mnyamata wina, Wes Cherry, amene anali kuphunzila nchito ku kampani ya Microsoft ku America, analemba sewelo la Klondike la pa kompyuta pa nthawi yake yopuma. Makhadi ake anajambulidwa ndi mai Susan Kare, ndipo m'caka ca 1990 kampaniyo inaliika mu Windows 3.0, pulogalamu yoyendetsa makompyuta. Masiku amenewo anthu ambili anali asanazolowele kacipangizo ka m'manja kamene Azungu anakacha mouse, cifukwa kamaoneka ngati mbewa. Ponyamula khadi ndi kukalitula pa lina, munthu anali kuphunzila kukagwilitsa nchito osadziwa kuti ali m'kalasi. Cherry mwini wake sanalandilepo ndalama yapadela pa sewelo limeneli, ngakhale kuti linafika m'maofesi a dziko lonse lapansi.

M'maofesimo linabala milandu. M'caka ca 2006 meya wa mzinda wa New York, Michael Bloomberg, anacotsa nchito munthu wina ataona makhadi pa kompyuta yake nthawi ya nchito. Komabe seweloli silinafe. M'caka ca 2019 linalandilidwa mu World Video Game Hall of Fame, ku Rochester m'dziko la America, malo olemekezela masewela a pa kompyuta amene anasiya cizindikilo pa miyoyo ya anthu. Ndipo m'caka ca 2020, pokondwelela zaka 30, Microsoft inalengeza kuti anthu 35 miliyoni anali kulisewela mwezi uliwonse, ciwelengelo coposa kutali anthu onse a m'Zambia muno.

Kompyuta inacotsa nchito ya kusakaniza ndi kuyala. Cimene cinali kutenga mphindi zingapo cinayamba kucitika m'kuphethila kwa diso, ndipo khomo lotulukila lija linacepa. Foni itafika, makhadi anacoka mu ofesi nalowa m'thumba, nafika pa mphasa, m'basi ndi pa bedi.

NTHANO ILOWA M'MAKHADI

Masewela a nkhalamba za ndodo zowala ndi tianthu ta mapiko kawilikawili satsata malamulo a Klondike. Ambili amatsata mtundu wina wapafupi, wofanana ndi TriPeaks, umene Robert Hogue anaupanga m'caka ca 1989. Makhadi amayalidwa ngati mapili atatu, a m'munsi ali poyela, apamwamba ali ovundikilidwa. Pambali pali khadi limodzi loonekela, ndipo lamulo ndi limodzi lokha: cotsa pa phili khadi lililonse limene liposa kapena kucepela ndi nambala imodzi. Ngati pali 7, ungaikepo 6 kapena 8. Pa 8 paja ungaike 9 kapena 7 wina, ndi kupitiliza cotelo. Ukasowa coika, utenga khadi latsopano pa mulu. Mwana wa giledi 2 angaliphunzile m'mphindi imodzi, ndipo cigawo cimodzi cimatha madzi a tiyi asanawile. Kukoma kwake kuli pa mndandanda wautali, pamene makhadi khumi acoka motsatizana ngati mikanda yosolola pa ulusi.

Pa mafupa amenewa opanga masewela anavekapo nthano. Mu Faerie Solitaire, la kampani yaing'ono yochedwa Subsoap, wosewela amayenda ulendo womasula tianthu ta mapiko togwidwa ukapolo, ndipo pansi pa makhadi amapeza mazila amene amaswa tinyama ta m'nthano. Mu Solitairica, la m'caka ca 2016, khadi lililonse locotsedwa limapatsa wosewela mphamvu zomenyanila ndi asilikali a mfumu yoipa yochedwa Stuck, dzina lotanthauza kukanilila, tsoka limene aliyense wosewela makhadi amalidziwa. Mu Ancient Enemy, la m'caka ca 2020, lopangidwa ndi kampani ya Grey Alien Games ya ku England, wamatsenga wakale amadzuka ku tulo ta zaka zambili nayamba ulendo wokakumana ndi mdani wake. Alipo enanso ambilimbili, a nyumba za mafumu, a zinjoka zolavula moto ndi a nkhalango zolodzedwa.

Nthano imasintha cinthu cimodzi cacikulu. Kale munthu akapambana anali kungopambana, nkhani n'kuthela pomwepo. Tsopano kupambana kumatsegula njila pa mapu, kumaonjeza khoma pa nyumba ya mfumu, kumamasula wandende mmodzi pamene ena khumi akali kulila m'zitolokosi. Wosewela afuna kudziwa cimene cili kuseli kwa phili. Ndi njala yomwe ija imene tinali nayo tili ana pa moto, pamene agogo anali kudula nthano pakati nati, "Zotsala mawa," ife n'kudandaula. Kusiyana kwake ndi kwakuti m'foni mulibe agogo onena kuti zotsala mawa.

KODI NDI UFITI? KODI NDI NJUGA?

Tiyambe ndi funso la mai uja. Titaipenyetsetsa ndodo yowala ya nkhalamba ija, tinapeza kuti nchito yake yonse ndi kucotsa khadi limodzi limene latsekeleza njila. Mankhwala a m'kabotolo amasakaniza makhadi otsala, ndipo mphezi imagwetsa makhadi awili kapena atatu nthawi imodzi. Zonsezi ndi masamu ovala zovala za nthano. Tianthu ta mapiko, zinjoka ndi nkhalamba za ndevu ndi za m'nthano za anthu a ku Ulaya, monga mmene Kalulu wolankhula, Fisi wopusa ndi zimphona zomeza mudzi zilili m'nthano zathu. Palibe mwana wa kwathu amene anasanduka mfiti cifukwa anamva nthano ya mbalame yoimba nyimbo youlula wakupha. Sitikunena kuti cithunzi ciliconse n'coyenela. Alipo masewela a zithunzi zoopsa ndi zocititsa manyazi, ndipo kholo liyenela kuona ndi maso ake mwana asanapatsidwe. Koma kuona ufiti paliponse pamene pali cithunzi cacilendo kumabala mantha ndi kunenezana m'banja, ndipo tidziwa tonse mabala amene kunenezana kotele kwasiya m'midzi ndi m'makomboni mwathu.

Pali malo amodzi pamene cenjezo liyenela. Kuyambila kale anthu ena agwilitsa nchito makhadi poombeza, ndipo ena mwa olemba mbili amaganiza kuti kusewela wekha kunali pa ubale ndi mwambo umenewo poyamba, munthu namati, "Makhadi akatheka, cimene ndifuna cidzatheka." Mkristu akayamba kufunsa makhadi za ulendo wake, za ukwati wake kapena za matenda a mwana, wacoka pa sewelo walowa pa ula, ndipo abwelele msanga.

Nanga njuga? Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2413, amaphunzitsa kuti masewela a mwai monga makhadi sali olakwa mwa iwo okha, koma amaipa pamene alanda munthu zimene afunika kuti adzisamale ndi kusamala ena, ndipo amacenjeza kuti cilakolako ca njuga cingasanduke ukapolo. Munthu woyala makhadi yekha popanda kubecha ndalama sakuchova njuga. Tidziwe tsono kuti alipo masewela ena a solitaire amene amaitana munthu kuika ndalama zenizeni kuti apikisane ndi anthu osawaona, wopambana natenga mphotho ya ndalama. Amenewo, kaya avale mapiko kaya maluwa, ndi njuga basi, ndipo ndalama ya unga isayandikile kumeneko.

MSAMPHA ULI PA NTHAWI NDI PA THUMBA

Masewela awa ali m'magulu awili, ndipo kholo lililonse liyenela kudziwa kuwasiyanitsa. Gulu loyamba ndi la amene amagulidwa kamodzi, monga Faerie Solitaire ndi Ancient Enemy aja. Wopanga walandila zake, nthano ili ndi ciyambi ndi mapeto, ndipo ukafika ku mapeto ulitseka monga buku lowelengedwa. Gulu laciwili, limene ladzaza m'mafoni, ndi la amene amachedwa aulele. Koma opanga ake ali ndi anchito owalipila ndi ana owadyetsa. Ndalama zao amazipeza pa malonda otsatsa amene amaonetsa pakati pa zigawo, ndi pa tinthu timene amagulitsa mkati mwa sewelo. Motelo phindu lao limakula munthu akakhalitsa, ndipo sewelo limamangidwa kuti lisathe. Zigawo zatsopano zimaonjezedwa nthawi ndi nthawi, kotelo kuti phili lililonse lili ndi linzake kuseli.

Taonani mmene msamphawo umagwilila. Masiku oyamba zonse n'zapafupi, ndipo tindalama ta golide ta m'sewelo timagwa ngati mvula ya mu Januwale. Pang'ono ndi pang'ono zigawo zimalimba, ndipo kulowa cigawo ciliconse kumafuna tindalama tija. Tsiku lina watsala ndi khadi limodzi lokha kuti upambane, mulu n'kutha. Pomwepo pabwela uthenga waulemu wakuti ungaonjezeledwe makhadi asanu ukapeleka tindalama takutitakuti. Tindalamato tikatha, ungadikile maola angapo, kapena kuonelela malonda otsatsa amene amadya bandulo, kapena kugula tina ndi ndalama zenizeni. Palinso mphatso ya tsiku ndi tsiku imene imakula ukabwela masiku otsatizana, ndi kutayika ukajomba tsiku limodzi. Munthu amene anayamba kusewela kuti apume amapezeka akulonda foni monga wolonda mbalame m'munda wa mapila.

Nzelu imeneyi si yacilendo kwa akatswili a maganizo. M'zaka za m'ma 1950 B. F. Skinner wa ku yunivesite ya Harvard anaonetsa kuti nkhunda yopatsidwa cakudya mosadziwika, mwina ikajompha kawili, mwina ikajompha ka 20, imajompha mosaleka kuposa imene idziwa pamene cakudya cibwelela. Makina a njuga amayenda pa lamulo lomweli. N'cifukwa cake sitidabwa kuona kuti limodzi mwa masewela a solitaire ochuka pa mafoni, Solitaire Grand Harvest, linalowa m'manja mwa kampani ya Playtika m'caka ca 2019, kampani imene inachuka poyamba ndi Slotomania, sewelo lofanizila makina a njuga.

Ana ndiwo amagwa msanga, pakuti kwa iwo golide wa m'sewelo ndi ndalama ya atate zimaoneka cimodzimodzi. M'caka ca 2014, bungwe la boma la America loteteza ogula litalowelelapo, kampani ya Apple inavomela kubweza madola osacepela 32.5 miliyoni, ndi ya Google madola osacepela 19 miliyoni, kwa makolo amene ana ao anagula tinthu ta m'masewela popanda cilolezo. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, WHO, linaika vuto la kukodwa ndi masewela a pa kompyuta m'buku lake la matenda lochedwa ICD-11, limene linayamba kugwila nchito pa 1 Januwale 2022. Bungwelo limanena kuti vutoli limagwila ocepa okha mwa osewela, ndipo zizindikilo zake ndi izi: munthu alephela kudziletsa, sewelo likhala patsogolo pa nchito, maphunzilo ndi banja, ndipo apitiliza ngakhale aona kuti zinthu zikuonongeka, kwa miyezi 12 kapena kuposa. Ambili a ife sitidzafika pamenepo. Koma munthu angataye zambili asanachedwe wodwala: tulo, nkhani za madzulo ndi mnzake wa m'banja, ndi nthawi ija imene mwana anabwela ndi buku lake la sukulu napeza nkhope ya mai wake yawala ndi foni, nabwelela osanena kanthu. Cakomacakoma pusi anagwa cagada.

UBWINO ULIPO NDITHU

Pokamba zonsezi tisaiwale cifukwa cimene namwino uja amasewelela. Titaceza naye anatiuza kuti akacoka ku cipatala mutu umakhala wodzaza ndi kubuula kwa odwala ndi nkhope za amene sanathe kuwapulumutsa, ndipo makhadi ndiwo cinthu cokha pa tsiku lonse cimene cimalola kusanjika bwino m'manja mwake. Mau amenewa tinawamva ndi ulemu. Thupi likatopa limafuna mphasa, ndipo mutu nao uli ndi mphasa yake. Makolo athu anali ndi nsolo pansi pa mtengo akacoka ku munda, ndipo palibe anawacha alesi.

Masewela a makhadi awa ndi ofatsa poyelekeza ndi ena ambili a pa foni. Ambili a iwo alibe kukhetsa mwazi, ndipo safuna kuti munthu alankhulane ndi alendo osawadziwa. Amazoloweza mwana kuwelenga manambala cokwela ndi cotsika, ndi kuyang'ana patsogolo asanasunthe dzanja: ndikacotsa 6 uyu, kodi nditsegula ciani? Kwa wodwala wogona masiku ambili, kwa nkhalamba imene miyendo yakana, ndi kwa woyembekezela pa mzele wautali, makhadi ndi bwenzi losatopa ndi losanyoza.

Mulinso phunzilo lina limene ife tinalikonda koposa. M'caka ca 2019 akatswili awili a ku yunivesite ya St Andrews ku Scotland, Charlie Blake ndi Ian Gent, anawelengela ndi kompyuta napeza kuti ngakhale munthu atadziwa pamene khadi lililonse labisala, angapambane Klondike pafupifupi maulendo 82 okha pa 100. Otsalawo ndi okanika kucokela pa kuyala komwe. Ngakhale mu FreeCell, mtundu wina umene makhadi onse amakhala poyela, Microsoft inaika mayalidwe 32,000 okhala ndi manambala, ndipo anthu odzipeleka atawayesa onse m'zaka za 1994 ndi 1995 anapeza kuti la nambala 11982 silitheka. Sewelo lakale linali kuphunzitsa munthu kuvomela kuti lelo zakana, kusonkhanitsa makhadi ndi kunyamuka wopanda cidani. Sewelo logulitsa makhadi asanu oonjezela limaphunzitsa zina, kuti kulephela kulikonse kungagulidwe ndi ndalama. Kholo lisankhe phunzilo limene lifuna kuti mwana wake atenge.

MALILE AIKE NDI MWINI WAKE

Popeza sewelo la masiku ano silidzatiuza kuti zotsala mawa, mau amenewo tiyenela kudziuza tokha, ndipo tiwanene tisanayambe, pakuti pakati pa sewelo nzelu imakhala itagwidwa kale. Wina anganene kuti zigawo zitatu basi; wina angachele alamu ya mphindi 20. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalila m'caka ca 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV anamulengeza woyela pa 7 Sepitembala 2025, anali kukonda masewela a pa kompyuta monga anzake onse. Amai ake amasimba kuti anadziikila malile a ola limodzi pa sabata. Sitinena kuti aliyense atenge muyeso womwewo. Cimene titolapo ndi cakuti muyesowo anauika yekha, asanagwidwe.

Pa nkhani ya thumba, foni imene ana amagwila isalumikizidwe ku khadi la ku banki kapena ku ndalama za pa foni popanda nambala yacinsinsi. Mafoni ali ndi malo otsekela kugula, ndipo wosadziwa afunse wacinyamata wa m'nyumba. Posankha sewelo tifunse funso limodzi: kodi limatha? Limene limayenda popanda intaneti ndipo silipempha tindalama polowa ndi labwino kuposa laulele lokhala ndi sitolo mkati. Timauthenga toitana munthu kudzatenga mphatso tizimitsidwe. Pa nthawi ya nsima ndi ya pemphelo la madzulo mafoni onse, kuyambila ya atate, akhale pa malo amodzi, pakuti mwana amatsata mapazi koposa mau. Ndipo amene aona kuti wayamba kubisa maola kapena ndalama zimene wataya pa sewelo, adziwe kuti cimene akubisaco cayamba kumulamula. Auze mnzake wa m'banja kapena munthu wina wokhulupilika, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tisaiwalenso kuti paketi ya makhadi a pepala ikali kupezeka m'misika, ndipo sifuna magetsi kapena bandulo. Klondike ya pa mphasa imalola awili kapena atatu kuweramilana, wina kuona cimene mnzake walumpha, ndipo imabweza kamphindi kaja ka kuyalanso.

Masabata awili atatha tinapita kwa mai uja ndi yankho, mwana wao ali pomwepo. "Amai," tinatelo, "mfiti m'foni umu sitinaipeze, koma tapezamo wakuba tulo, ndipo nafenso watibela." Namwino anaseka, kenaka anavomela kuti kawili anagulapo tindalama ta golide ndi ndalama ya ndiwo. Anagwilizana kuti foni izigona pa shelefu kuyambila pa nsima ya madzulo kufikila ana atagona, ndipo sewelo la sitolo lija analicotsa naikapo lina losapempha kanthu. Ifenso tinacotsa lathu, ndipo Loweluka madzulo timayala makhadi a pepala pa tebulo ndi adzukulu.

Mwezi watha tinakumananso ndi mai uja pa khomo lomwe lija. Tinawafunsa za kunyumba, nayankha kuti kuli mtendele, ana akuona nkhope ya mai wao. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, natsitsanso mau monga tsiku loyamba lija.

"Aphunzitsi, mwana uja wandiphunzitsako pang'ono. Koma tandiuzani, pa K paja, kodi A angakwelepo?"

"M'masewela ambili amakwela, Amai," tinatelo. "Koma zigawo zitatu zokha, kenaka mukagone."